Malata akakana kugwirana padenga, vuto linayambira pa makina

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, ogulitsa zipangizo zomangira pa Kasungu amadziwa kuti alimi akubwera kudzafuna malata. Chowawa n'chakuti ena amabwezedwa, mmisiri atadandaula kuti sakugwirana.

Malata sapindidwa ndi moto. Chitsulo chimafika kufakitale chokulungidwa ngati mphasa, n'kudutsa chili chozizira pakati pa mawilo omwe amachipinda pang'onopang'ono mpaka mizere itatuluka. Nkhani yagona pa mpata wa pakati pa mawilowo. Ukachepa kwambiri, mawilo amakanda zinki yoteteza lata, ndipo pokandikapo m'pamene dzimbiri limayambira mvula ikagwa. Ukakula, mizere imatuluka yosazama. Komanso chitsulo chozizira chikapindidwa chimabwerera pang'ono, choncho makina otchereredwa geji 28 sangatulutse mizere yofanana pa geji 32 asanatcheredwenso. Paja nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala, ngakhale ogula ena amaganiza mosemphanitsa.

Wogulitsa asanalipire katundu kowoda, atenge malata awiri, lina la pamwamba pa mulu lina la pansi, awasanjikize monga amachitira mmisiri padenga. Akasiya mpata woonekera, denga limenelo lidzadontha. Ayang'anenso m'mbali: mukachita mafundemafunde, ndiye kuti mawilo sanatcheredwe bwino. Ndipo kupatsa mlimi mmodzi malata a makampani awiri n'kudziputira mlandu, chifukwa geji ikhoza kufanana koma mizere n'kusiyana.