Anthu Oimba Kumbuyo: Maina Amene Sanalembedwe pa Mbale

Mu December 1970 woimba wochuka wa ku America, James Brown, anafika m'dziko muno. Anaimba mu Lusaka ndi pa bwalo la Dag Hammarskjöld ku Ndola, ndipo anaonana ndi Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Kenneth Kaunda. Akuluakulu a kuno kum'mawa amene anali pa nchito ku migodi m'masiku amenewo akali kulikumbukira dzina la munthu ameneyu, ndipo mbale zake zinafika ngakhale kwa Pembamoyo, kwa Zingalume ndi kwa Mlolo, m'masutukesi a anthu obwera pa chuti. Koma ndi owerengeka okha amene angachule dzina la mnyamata wamtali uja amene anaimirira kumbuyo kwa Brown ndi gitala ya besi. Anali William Collins, wochedwa Bootsy, wa zaka 19 zokha. Nkhani yathu ya sabata ino ndi ya anthu onga iye.

Nyimbo za soul zinabadwira m'machalichi a anthu akuda a ku America. Sam Cooke anachukira m'gulu la nyimbo za Mulungu la Soul Stirrers, ndipo Aretha Franklin anali mwana wa mbusa wa mu mzinda wa Detroit. M'nyimbo zimenezi mmodzi atsogola, ena nabvomera, monga acitira amai pa cimtali. Mwina ndi cifukwa cake makutu a anthu a kuno sanazione ngati zacilendo, angakhale ambiri sanali kumva Cingerezi cake.

Inu a kumudzi mudziwa bwino kuti gule sabvina yekha. Pa bwalo maso a anthu onse ali pa gule, koma munthu wa mbalule ndiye ayang'ana mapazi ake ndi kuyankha phazi liri lonse, pamene wa mpanje asunga mayendedwe a nyimbo. Mbalule ikagwera m'manja mwa munthu wosadziwa, gule aima nayamba kupukusa mutu. Momwemonso zinaliri m'situdiyo, m'nyumba yojambuliramo nyimbo. M'zaka za m'ma 1960 onse anali kuimbira pamodzi m'cipinda cimodzi, tepi iri kuzungulira, ndipo mmodzi akalakwa onse anali kuyambanso. Kawirikawiri woimba anali kufika ndi mau ndi kamaimbidwe kocepa cabe. Amene anali kuipatsa nyimboyo msana ndi miyendo anali wa ng'oma, wa besi, wa gitala, wa limba ndi a malipenga.

Pa malipiro ndi pamene panali nkhani. Wopeka nyimbo ndi kampani anali kulandira ndalama mbale ikagulidwa, ndipo wopekayo anali kulandiranso nyimbo ikamveka pa wailesi. Woimba kumbuyo anali ngati munthu wa ganyu: alima m'munda wa mwini, alandira cimanga cake madzulo omwewo, koma nkhokwe ikadzala iye sacita nayo kanthu.

James Brown anali bwana wobvuta. Woimba wake akaphonya pang'ono kapena akabwera ndi nsapato zosapukuta, Brown anali kumuonetsa zala pa bwalo pomwepo, ndipo zalazo zinali kutanthauza madola odulidwa pa malipiro. Mu March 1970 ambiri a gulu lake anakana kuimba cifukwa ca ndalama. Brown sananyengerere, anatumiza ndeke ku Cincinnati kukatenga anyamata ena, ndipo ndimo analowera Bootsy ndi mkulu wake, Catfish Collins. Iwonso anakhala caka cimodzi cokha. Wa ng'oma wake wina, Clyde Stubblefield, anaimba yekha kwa masekondi ocepa m'nyimbo yochedwa Funky Drummer, yojambulidwa mu 1969. Kacigawo kameneko oimba a rap ndi ena anakadula ndi kukaika m'nyimbo zoposa 1,000. Popeza pa mbale panalembedwa kuti wopeka ndi James Brown, Stubblefield sanaone phindu lake. Anamwalira mu 2017 atadwala nthawi yaitali.

Nkhani yaikulu koposa ndi ya ku Detroit, mzinda wa mafakitale a galimoto. Kumeneko Berry Gordy, amene anagwirapo nchito m'fakitale yotero, anayambitsa kampani ya Motown mu 1959 ndi ngongole ya madola 800 yocokera kwa abale ake. Anaiyendetsa monga fakitale: ena apeka, ena aimba, ena aphunzitsa oimba kubvina ndi kubvala. M'kacipinda ka kuseri kwa nyumba, kamene kale kanali kosungiramo galimoto, munali kukhala amuna amene anadzicha Funk Brothers. Ambiri a iwo anatengedwa m'mabawa a mumzindamo m'mene anali kuimba jazz usiku. Kaya pa mbale palembedwe The Supremes, kaya The Temptations, The Four Tops, Marvin Gaye kapena Stevie Wonder akali mwana, manja anali omwewo: Benny Benjamin pa ng'oma, Earl Van Dyke pa limba, Robert White, Joe Messina ndi Eddie Willis pa magitala, ndi James Jamerson pa besi.

Za Jamerson tiyenera kunenapo zambiri. Asanabwere iye, besi inali nchito yonga ya musi mu mtondo, kugunda pamodzimodzi kufikira nyimbo itatha. Iye anaisandutsa mau oyenda, okwera ndi kutsika pansi pa woimba, ngati munthu wacikulire amene ali kuyankha mwana. Zonsezi anali kuzicita ndi cala cimodzi ca dzanja lamanja. Amene muli nayo nyimbo ya My Girl ya mu 1964 pa foni kapena pa kaseti, imvereni poyambira pake. Mau a munthu asanamveke mudzamva besi iri kugunda ngati mtima, kenaka gitala ikwera makwerero. Besiyo ndi Jamerson, gitalayo ndi Robert White, ndipo anthu a m'maiko onse aizindikira nyimboyo pa zimenezi. Pa mbale panalibe dzina la mmodzi wa iwo.

Maina ao anaoneka koyamba mu 1971 pa cimbale ca Marvin Gaye cochedwa What's Going On, Benny Benjamin atamwalira kale mu 1969. Caka cotsatira, mu 1972, kampani inasamukira ku Los Angeles, ndipo ambiri a gululo anatsala ku Detroit opanda nchito. Jamerson anatsatira, koma sizinamuyendere. Mowa unamugwira, namwalira mu 1983. Ulemu unabwera mocedwa: mu 2002 panatuluka filimu yosimba mbiri yao, ndipo mu 2004 gululo linapatsidwa mphoto ya Grammy. Ine ndiona kuti kampani imene inali kuphunzitsa oimba ake ngakhale kagwiridwe ka foloko sikanalephera kulemba maina ocepa kuseri kwa cikuto. Sinafune kuti makampani ena awadziwe ndi kuwanyenga ndi ndalama zambiri.

Ku Memphis, kum'mwera kwa America, kunali kampani ina yochedwa Stax, imene situdiyo yake inali m'nyumba yakale ya kanema. Kumeneko oimba kumbuyo anali ndi dzina laolao, Booker T. and the M.G.'s, ndipo anali kutulutsanso mbale zao. Awiri anali akuda, Booker T. Jones ndi Al Jackson, awiri anali azungu, Steve Cropper ndi Donald Dunn. Akulu amene anagulako nyama pa kazenera ka kumbali m'masiku a Northern Rhodesia adzamvetsa kuti cinali cinthu cotani m'mzinda wa tsankho lotere, m'mene anthu anaiwa sakanatha kudyera m'nyumba imodzi ya zakudya. Malo amene anali kukomanako momasuka anali hotela ya anthu akuda yochedwa Lorraine. M'menemo Cropper ndi Wilson Pickett anapeka In the Midnight Hour mu 1965, ndipo pa khonde la hotela yomweyo anaphedwa Dr Martin Luther King pa 4 April 1968.

Otis Redding anafika ku Stax mu 1962 ali woyendetsa galimoto ndi wonyamula katundu wa woimba wina. Nthawi itatsalako pang'ono anapempha kuti ayese, ndipo oimba kumbuyo ndiwo anayamba kumva cimene cinali pakhosi pake. Sanali wowerenga zilembo za nyimbo. Anali kuimba ndi pakamwa cimene afuna kuti malipenga acite, iwo natsatira. Pa 10 December 1967 ndeke yake inagwera m'nyanja ya Monona ku Wisconsin, iye ali ndi zaka 26. Nyuzipepala zinalira Otis Redding. M'ndekemo munaferanso anyamata anai a gulu la Bar-Kays amene anali kumuimbira pa maulendo, osafika zaka 20, ndipo anapulumuka ndi mmodzi yekha, wa lipenga Ben Cauley. Nyimbo yotsiriza ya Redding, The Dock of the Bay, anaitsiriza ndi Cropper m'masiku a maliro.

Sikuti nthawi zonse wodyeredwa anali wa kumbuyo. Percy Sledge, amene anthu a kum'mwera kwa Africa kuno anamukonda kwambiri ndipo anakaimba ku South Africa mu 1970, anali wanchito wa m'cipatala pamene anajambula When a Man Loves a Woman mu 1966. Pa mbale panalembedwa kuti opeka ndi Calvin Lewis ndi Andrew Wright, wa besi ndi wa limba a gulu lake lakale. Sledge anali kunena kuti anawapatsa yekha ulemuwo, ndipo ndalama za wopeka zinapita kwa iwo moyo wake wonse. Amene anamuimbira m'situdiyo anali anyamata acizungu a m'midzi ya Alabama, ndipo ena a iwo, monga Spooner Oldham ndi Roger Hawkins, ndiwo anaimbiranso Aretha Franklin mu 1967.

Tsono tibwere kwathu. Pamene wailesi yochipa ija yonga sosipani inayamba kugulitsidwa mu 1949, nyumba ya wailesi ya mu Lusaka inafuna nyimbo za anthu a kuno. Alick Nkhata ndiye dzina limene tidziwa, ndipo mseu umene pali nyumba ya ZNBC uli ndi dzina lake. Anaphedwa mu October 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira kufupi ndi Mkushi. Koma pambali pake panali Lusaka Radio Band, imene pambuyo pake inachedwa Big Gold Six. Anthu a m'malire, amene makutu ao anazolowera wailesi ya Malawi, adziwanso MBC Band, gulu la nyumba ya wailesi ya kumeneko.

Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti Zambia inatumiza oimba kumbuyo ku maiko ena. Nashil Pichen Kazembe ndi Peter Tsotsi anakhala zaka zambiri ku Nairobi, ndipo m'ma 1960 anali m'gulu la situdiyo ya Equator Sound pamodzi ndi Fadhili William ndi Daudi Kabaka. Magitala ao ali pa mbale za Ciswahili zimene anthu a ku Kenya aziyesa zao zenizeni. Pichen tinamudziwa bwino kuno ndi Aphiri Anabwera, nyimbo ya munthu wobwerera kumudzi cimanjamanja patapita zaka zambiri, imene ku Chadiza ndi ku Vubwi sisowa womasulira.

Pakati pa zaka za m'ma 1970 Dr Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 ziri zonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Nchito inaculuka ku DB Studios mu Lusaka ndi ku Malachite ku Chingola; kampani ya Teal ku Ndola inali kuumba mbale, ndipo Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour anatulutsa zambiri. Magulu a nthawiyo anatengako kwa James Brown ndi kwa oimba a rock, nasakaniza ndi zakwathu. Pa cinthu cimodzi iwo anacita bwino kuposa Motown. Paul Ngozi anali mwini gulu la Ngozi Family, koma pamene wa ng'oma wake, Chrissy Zebby Tembo, anatulutsa cimbale cake My Ancestors, Ngozi anabwerera kumbuyo namuimbira gitala.

Mtengo wa mkuwa utagwa, mbale zinasowa ogula, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambiri. Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa oyambitsa gulu la WITCH anatsala Emmanuel Jagari Chanda yekha, amene anakhala mphunzitsi, kenaka wokumba miyala ya mtengo wapatali. Kampani ya ku Los Angeles, Now-Again, itatulutsanso nyimbo zao zakale, Jagari anabwereranso pa bwalo, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa cimbale catsopano cochedwa Zango.

Lero mnyamata wa kwa Pembamoyo akafuna kujambula nyimbo akwera galimoto kupita ku Chipata, ndipo kumeneko gulu lonse la oimba kumbuyo liri m'kompyuta ya munthu mmodzi. Makwaya a m'machalichi nawo ajambula ndi wa kiyibodi wobwereka. Nyimbo iyenda pa foni popanda cikuto colembapo dzina. Dziko lino liri ndi lamulo la Copyright and Performance Rights la mu 1994, ndiponso bungwe la ZAMCOPS limene lisonkhetsa ndalama za opeka nyimbo. Ku Malawi nchito yotere icitidwa ndi COSOMA. Mabungwe amenewa alipira munthu amene dzina lake linalembetsedwa pa nyimboyo. Wa gitala kapena wa kiyibodi amene waikapo maimbidwe ake ali ndi nthawi imodzi yokha yokambirana za gawo lake ndi kulilemba pa pepala, ndiyo tsiku lojambula, onse asanatuluke m'situdiyo.