Kalata Ikafika ndi Zilembo Zachilendo

Munthu aliyense amene amatumiza ndi kulandira maimelo, kaya ndi mlembi wa mu ofesi, mbusa wa mpingo, kapena kholo limene mwana wake ali kutali ku Johannesburg, adzakumana tsiku lina ndi kalata imene, ngakhale inachoka kwa mwini wake ili yolongosoka, yafika ndi zizindikiro zimene palibe dzanja linazilemba. Pamene wolemba anaika dzina la Malaŵi, wolandira apeza MalaÅµi. Pamene panali ng’ombe, apeza ngâ€™ombe. Ndipo ambiri, poona zotere, amafulumira kuganiza kuti kompyuta yawo yalowedwa vairasi, kapena kuti mnzawoyo analemba mosasamala. Komatu kawirikawiri palibe nthenda ndipo palibe wochimwa, pakuti mawu anafika onse, ndipo chimene chasokonezeka ndi kawerengedwe kake kokha.

Kuti timvetse gwero la vutoli, tiyenera kudziwa kuti kompyuta sizindikira chilembo monga achitira munthu. Iyo imasunga manambala okha, ndipo nambala iliyonse imasanduka chilembo potsata mndandanda umene anthu anapangana. Mndandanda wotchuka wakale, wotchedwa ASCII, unakhazikitsidwa ku America mu 1963, ndipo unali ndi malo 128 okha, okwanira zilembo za Chingerezi, manambala ndi zizindikiro zochepa za m'kalembedwe. Pamene malamulo a kayendedwe ka imelo analembedwa mu 1982, anamangidwa pa maziko omwewo. Motero mitundu ina, poona kuti zilembo zake zilibe malo, inadzikonzera mindandanda yakeyake: a kumadzulo kwa Ulaya anatenga Latin-1, kampani ya Microsoft inapanga Windows-1252, a ku Russia anali ndi KOI8-R, a ku Japan Shift JIS. Nambala imodzi inayamba kutanthauza chilembo china kuno, china uko, kufikira makina analeka kumvana chinenero monga anachitira omanga nsanja ya Babele.

Mankhwala ake anapezeka. Mu 1991 kunatuluka Unicode, mndandanda umodzi wofuna kupatsa chilembo chilichonse cha pa dziko lapansi nambala yakeyake. Mu 1992 Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza UTF-8, njira yolembera manambalawo imene lero yafala ponseponse. Ndipo chaka chomwecho Nathaniel Borenstein ndi Ned Freed anafalitsa dongosolo la MIME, limene limalola kalata kunyamula pamutu pake mawu onena mndandanda umene inalembedwera. Koma mawu amenewa akasowa, kapena akanena zosiyana ndi zimene zili m'kati, pulogalamu yolandira imangolota, ndipo ikalota molakwa chisokonezo chimabadwa. Mu UTF-8, chilembo ŵ chimayenda ngati manambala awiri, 197 ndi 181, oyenera kuwerengedwa pamodzi. Pulogalamu yotsata Windows-1252 imawalekanitsa, niwerenga loyamba Å, lachiwiri µ. Kachizindikiro kopindika kamene Microsoft Word imaika m'mawu monga m’nyumba kamayenda ngati manambala atatu, n'chifukwa chake kamasweka kukhala zidutswa zitatu. Ife olemba Chichewa vutoli limatikhudza koposa, popeza ŵ, chilembo chimene timagawana ndi anthu a ku Wales, sichinapatsidwe malo mu Latin-1 kapena mu Windows-1252.

Wofuna kuchiza ayambe wayang'anitsitsa maonekedwe a chilondacho, chifukwa chilichonse chimaulula chimene chinachiyambitsa. Zilembo monga Å, Ã ndi â€ zimasonyeza kuti kalata ya UTF-8 yawerengedwa ndi mndandanda wolakwika, ndipo mawu ake angathe kubwezeretsedwa. Mukaona Mala=C5=B5i, kapena mizere italiitali ya zilembo ndi manambala osakanikirana opanda mpata, dziwani kuti kalatayo inakulungidwa kuti idutse bwino m'njira, mwa dongosolo lotchedwa quoted-printable kapena Base64, koma pofika sinamasulidwe. Timabokosi topanda kanthu timatanthauza kuti chilembo chinafika chamoyo, koma foni kapena kompyuta yanu ilibe font yotha kuchijambula. Choipitsitsa ndi chizindikiro chofunsira, monga Mala?i, pakuti pamenepo chilembocho chinatayidwa pa ulendo, ndipo palibe angachibweze koma wotumiza yekha. Palinso kafayilo kotchedwa winmail.dat, kamene kamafika m'malo mwa chikalata chimene munkachiyembekezera. Kameneka kamabadwa pamene wotumiza agwiritsa ntchito Outlook italemba mwa mtundu wa Rich Text, umene mapulogalamu ena ambiri saumva.

Wolandira asafulumire kufufuta kalatayo kapena kuitumiza kwa ena, chifukwa kalata yosokonezeka ikapitirizidwa, chisokonezocho chimakhazikika ndipo nthawi zina chimawirikiza. Ayambe waitsegula pa malo ena: ngati yavuta pa pulogalamu ya pa kompyuta, aione pa foni, kapena alowe m'bokosi lake la makalata kudzera pa browser. Mapulogalamu ena amalolanso wowerenga kusintha encoding, ndiko kuti mndandanda wowerengera kalatayo, ndipo kusankha UTF-8 kumawongola zilembo nthawi yomweyo. Amene ali ndi mtima wofufuza angatsegule mutu wobisika wa kalata, umene mu Gmail umaoneka posankha Show original, nayang'ane mzere wa Content-Type, pomwe pali mawu akuti charset. Pamenepo ndi pamene kalatayo imadzinenera mndandanda wake. Zonsezi zikakanika, alembere mnzakeyo mwaulemu, namuuze zimene zikuoneka, makamaka ngati m'kalatamo muli dzina la munthu, tsiku la msonkhano kapena kuchuluka kwa ndalama. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo wolota tanthauzo la kalata yosweka angadzitengere mlandu umene funso limodzi likanauletsa.

Udindo waukulu, komabe, uli pa wotumiza. Iye aonetsetse kuti pulogalamu yake ikutumiza makalata mwa UTF-8. Ngati agwiritsa ntchito Outlook, asankhe HTML kapena Plain Text m'malo mwa Rich Text. Asamale pokopera mawu kuchokera mu Word, popeza amabwera ndi zizindikiro zopindika zija. Ndipo chikalata chofunika, chimene maonekedwe ake sayenera kusintha, achisandutse PDF asanachitumize. Nzeru ina yosavuta ndiyo kudzitumizira yekha kalata yoyesera, yokhala ndi ŵ ndi ng', ku adiresi ya kampani ina ya imelo, kuti aone ngati ifika yamphumphu.

Alipo ena amene, potopa ndi mavutowa, anangoleka kulemba zizindikiro za chinenero chawo, ngakhale m'maina a anthu ndi a malo. Tiwapempha abwerere, pakuti makina a masiku ano ali nayo mphamvu yonyamula chilembo chilichonse cha Chichewa, ndipo chofunika ndi kuwakonza bwino basi. Konzani pulogalamu yanu lero, muuzenso mnzanu wa mu ofesi akonze yake, ndipo lembani Chichewa monga chiyenera kulembedwa.