Nangumi ali patali bwanji? Werengani masekondi

Patchuthi cha Ogasiti ndinapita kukacheza kwa achimwene anga ku Cape Town, ndipo iwo ananditengera ku Hermanus, tawuni ya m'mbali mwa nyanja yomwe ili makilomita pafupifupi 120 kuchokera mumzindawu. Kumeneko anthu amaonera anangumi ataima pamatanthwe a kugombe, osakwera boti. Kuyambira Juni mpaka Novembala, anangumi otchedwa southern right amachoka kumadzi ozizira a kufupi ndi Antarctica n'kubwera ku Walker Bay kudzabereka.

Choyamba chimene ndinaona ndi chinthu chonga utsi chikutumphuka pamadzi. Ambiri amati nangumi akulavula madzi, koma ayi. Nangumi si nsomba, amapuma ndi mapapo ngati ife. Mpweya wofunda ndi wachinyezi ukatuluka mwamphamvu, umazizira msanga ndipo chinyezicho chimasanduka timadontho. N'zomwe zimakuchitikirani inu m'mawa wa mu Juni ku Dedza, mukapuma n'kuona kautsi pakamwa. Mtundu uwu uli ndi mabowo awiri opumira pamutu, ndiye mpweyawo umatuluka ngati chilembo cha V.

Kenako nangumi wina anadumpha n'kugweranso m'madzi. Chinyama cha mamita ngati 15! Madzi anathovoka, koma kunali zii. Ndinawerenga chamumtima, imodzi, ziwiri, ndiyeno phokoso linafika, khuu! Achimwene anadabwa nditawauza kuti nangumiyo ali mamita pafupifupi 700 kuchokera pomwe taima.

Ndinadziwa bwanji? Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pasekondi, choncho zomwe zachitika timaziona nthawi yomweyo. Phokoso mumpweya limayenda mamita pafupifupi 340 okha pasekondi. Mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi, ndiye 340 kuchulukitsa ndi 2 ndi mamita 680. Basi, samu yake ndi yomweyi.

M'madzi nkhani imasintha. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pasekondi, kuposa kanayi liwiro lake mumpweya, ndipo limafika kutali lisanazilale. Kuwala ndiye sikupita patali m'madzi, n'chifukwa chake anangumi amadalira kumva kuposa kuona. Mayi ndi mwana wake amaitanana ndi mawu. Tsono taganizani injini ya boti ikulira pafupi nawo. Kwa ife oima kugombe phokosolo ndi laling'ono, koma pansi pa madzi limatha kuphimba kuitana kwawo, komanso kusokoneza mwana amene akufunika kuyamwa ndi kupuma asanayambe ulendo wautali wopita kummwera. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe malamulo a ku South Africa salola boti lopanda chilolezo kuyandikira nangumi kupitirira mamita 300. Anangumiwa anatsala pang'ono kutha chifukwa chosakidwa, ndipo pangano la mayiko lowateteza linayamba kugwira ntchito mu 1935. Woonera ali kugombe sawonjezera phokoso lililonse m'madzimo.

Mwina mukuti, "Aphunzitsi, ife kwathu kuno anangumi tiwaona kuti?" Samuyi simufunika nyanja. Dzinja likubwerali, mukaona mphezi yang'anima, muli m'nyumba, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Mukawerenga masekondi 9, yagwa patali bwanji? Lembani yankho lanu m'munsimu, ndipo musonyeze mmene mwalipezera.