Chikombole cha Malamulo a Makina: Macro ndi Default

Ku Golomoti, m'munsi mwa mapiri a Dedza, kampani ya JCM Power inatsegula mu 2022 malo opangira magetsi a dzuwa okwana 20 MW, okhala ndi mabatire osunga 10 MWh. Pamalo otere pamakhala zipangizo zambiri zofanana, monga ma inverter amene amasintha magetsi a m'mapanelo kuti alowe m'mawaya a ESCOM, ndipo kompyuta yoyang'anira imayenera kuuzidwa dzina la chipangizo chilichonse komanso malire a kutentha amene akapyoledwa belu lochenjeza lilire. Kulemba zonsezi chimodzichimodzi kumachulukitsa zolakwa, n'chifukwa chake mainjiniya amalemba fayilo imodzi yogwira ntchito ngati chikombole, chimene woumba amatulutsamo njerwa zambirimbiri za msinkhu umodzi.

Njirayi imaoneka bwino mu EPICS, pulogalamu yoyendetsera makina akuluakulu a kafukufuku, imene inakula mogwirizana pakati pa malabotale a Los Alamos ndi Argonne ku America. M'chikombolemo, pomwe payenera kukhala dzina la chipangizo pamalembedwa $(MALO), ndipo chizindikiro chotere chimatchedwa macro, kutanthauza mawu ogwirizira malo amene amachotsedwa fayilo ikamawerengedwa n'kulowetsapo dzina lenileni. Injiniya akapereka MALO=INV01, paliponse pamene panali $(MALO) pamasanduka INV01.

Nanga akaiwala kupereka dzinalo? Pulogalamu imadandaula kuti macro yasowa tanthauzo, ndipo vuto limadziwika pomwepo. Koma wolemba chikombole akaika $(KUTENTHA=35), nambala ya 35, yomwe ndi malire a kutentha, imakhala default, ndiko kuti chimene makina amangotenga okha ngati sanauzidwe china, ndipo amatenga mwakachetechete. Apa ndi pofunika kusamala kwambiri, pakuti nambala imene ingayenere chipangizo cha pa boma la Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pomwe mu June anthu amaothera moto, siyingayenere cha ku Golomoti kumene mu October kumatentha koopsa. Injiniya akaphonya chilembo chimodzi, nalemba KUTENHA=55, dzinalo siligwirizana ndi macro iliyonse, choncho 55 imangopita padera ndipo 35 imalowa popanda chenjezo. Belu limayamba kulira masana aliwonse popanda chovuta, ogwira ntchito nazolowera kulizimitsa osayang'ana, ngakhale tsiku limene chipangizo chikutenthadi.