Nkhondo ili kutali, nanga petulo wasowa bwanji ku Mchinji?

Ana inu, munaonapo mzere wa galimoto ndi njinga zamoto za kabaza pomwetsera mafuta pa boma la Mchinji kapena pa Kamwendo? Nthawi zina mzerewo umayambitsidwa ndi mfuti zolira m'dziko limene simunapondeko.

Malawi sakumba mafuta, ndipo alibe nyanja yamchere. Petulo ndi dizilo amabwera pa sitima zapamadzi mpaka ku madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, kapena Dar es Salaam ku Tanzania. Akatsitsidwa kumeneko, amatengedwa ndi mathankala, ena pa sitima yapamtunda.

Kafunseni agogo za zaka za m'ma 1980. Ku Mozambique kunali nkhondo ya boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, imene inadzatha mu 1992. Njanji za ku Beira ndi Nacala zinaonongedwa, moti asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera ya ku Nacala. Katundu wambiri anayamba kudzera ku Durban, ku South Africa. Malole ena ankazungulira ku Zimbabwe ndi Zambia, n'kudzalowera pa Mwami, kuno ku Mchinji. Ndalama za ulendo wautali chonchi ankalipira ndani? Amayi pogula parafini m'golosale, ndi abambo pokwera basi.

Nkhondo zina sizitseka msewu wathu, zimangokweza mtengo. Dziko la Russia limagulitsa mafuta ochuluka zedi. Litayamba nkhondo ndi Ukraine mu February 2022, mayiko ambiri anachita mantha kuti mafuta asowa, ndipo mgolo umodzi wa malita 159 unapitirira madola 100. Ogulitsawo salandira kwacha, amafuna madola. Ife madola athu ambiri amachokera ku fodya, monga amene amalimidwa kuno, ndipo sakwana.

Boma lili ndi kampani yotchedwa NOCMA, imene ili ndi matanki akuluakulu ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, otha kusunga malita 60 miliyoni onse pamodzi. Ali ngati nkhokwe yosungira chimanga cha nthawi ya njala. Kumanga matanki kunatheka, koma chovuta ndi kuwadzaza, chifukwa kumafunanso madola omwe aja. Mafuta akachepa, chigayo cha dizilo chimaima, wakabaza amakweza mtengo, ndipo anthu ena amawoloka malire ndi zigubu kukasaka petulo ku Chipata.