Tipikule Pamodzi, Tiwerenge Bwino

Anzathu, mchere sumera m'munda. Shuga wa ku Mafambisse, ku Sofala, amadutsa m'manja ambiri asanafike kuno ku Chidzolomondo. Dzanja lililonse limaonjezera mtengo.

Kale kunali masitolo a boma, Lojas do Povo. Mu 1980 boma linayamba kuwasiyira amalonda. Lero sitolo yathu ndi koperativa.

Titagulitsa fodya, tinasonkha ndalama. Tinatuma anzathu awiri ku Tete kukapikula mchere ndi sopo. Katundu anatha msanga, ife kusekerera. Koma titawerenga ndalama m'bokosi, zinaperewera! Palibe anaba. Tinaiwala kulemba ndalama ya lole.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Tinene kuti thumba la makilo 50 tagula meticais 1,000. Lole yatenga 200. Zonse ndi 1,200. Ndiye kilo imodzi yatidyera 24, osati 20. Tikagulitsa pa 22, timayesa tapindula, chonsecho tataya 100 pa thumba lililonse.

Ku fakitale mtengo ngotsika, koma sagulitsa thumba limodzi. Amafuna wodzaza lole. Tokha sitingathe. Tikagwirizana ndi anzathu a ku Furancungo ndi ku Tsangano, lole idzadzaza.

Tigule mu Okutobala, mvula isanaononge msewu. Tiyambe ndi makasu ndi feteleza. Mchere tiusanjike pa thandala, pansi umanyowa. Ngongole ayi, ngakhale kwa amalume.

Lachisanu tibwere ndi makope. Aliyense adzawerengere yekha mtengo wa sopo.