Thupi likatentha, asilikali a m'magazi amva chiyani?

Mwana akatentha thupi, ambirife timangoti ndi malungo. Ine ndikuti tionenso kwina. Mabakiteriya monga Salmonella, woyambitsa taifodi uja, ali ndi poizoni pakhungu pawo wotchedwa LPS. Maselo oyera a m'magazi ali ndi kamlonda, TLR4, komwe kamazindikira poizoniyu. Bruce Beutler ndi anzake anatulukira zimenezi mu 1998, ndipo mu 2011 iye analandira mphoto ya Nobel.

Kamlondaka kakangomva LPS, selo limatulutsa ma cytokine oitana asilikali ena, thupi n'kutentha. Koma kuitanako kukapyola muyeso, BP imatsika, impso n'kufooka. Imeneyo ndiye sepsis, ndipo imapha msanga.

Choncho makolo, mwana akatentha thupi, n'kumapuma mofulumira, ali lefulefu, musadikire Panado. Thamangani naye kuchipatala.